Mwendo wa Achemwali

Chilonda cha achemwali anga chinayamba ngati chinthu chosekera. Ankathamangira amayi, amene anali atazemba n'kulowa m'munda wa tiyi wodulira kumene, ndiye chitsa chinawakanda pamsongolo. Anamangapo kansanza n'kupitiriza kuthamanga. Madzulo ake pondisonyeza ankaseka, amvekere tiyi wa azunguyu amaluma ngakhale anthu osamuthyola. Inenso ndinaseka nawo.

Tinabadwa anayi. Oyamba anali achimwene, kenako achemwali, kenako ine, n'kumalizira mlongo wathu amene tinkangomutcha wotsiriza. Makolo athu anachokera kwa Apwitikizi wapansi, ndipo anapatsidwa kamalo m'mphepete mwa esiteti ina ku Thyolo kuno, posinthana ndi ntchito ya thangata. Abambo anamwalira ine ndisanakwatiwe.

Wotsirizayo anabadwa mutu wake uli wochedwa. Anakula, anamera ndevu, mapewa anatambasuka, koma nzeru zinatsala za kamwana. Chimene ankakonda ndi kusesa. Ukamupatsa tsache, bwalo ankalisesa mpaka kulikumba. Chimene ankaopa ndi wezulo ya ku fakitale: ikalira ankatseka makutu, n'kukhala pansi pomwepo, n'kumakuwa mpaka wina amugwire mutu. Anthu ankamutcha chitsiru. Mkazi wina ndinam'phwanyirapo mtsuko pachitsime chifukwa cha mawu amenewa, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Amayi ndiwo ankamusamala, mpaka nawonso mutu unayamba kuwatayikira. Anayamba ndi kuthira mchere kawiri m'ndiwo. Kenako anaiwala mayina athu, n'kumafunsa za abambo ngati angopita kumunda. Pomaliza Chinyanja chonse chinawathawa, m'kamwa munangotsala Chilomwe cha kwawo. Munthu akawayankhula Chinyanja ankamuyesa mlendo wodzawathira mankhwala m'chakudya, ndipo ankafumbata pakamwa. Tinaphunzitsa wotsiriza kugwira nsonga ya nsalu yawo ya biriwita kuti asamazembe. Iye ankagwiradi, osataya, koma amayi akanyamuka iye ankangotsatira. M'malo mosowa munthu mmodzi, tinkasowa awiri.

Katundu yenseyu anagwera achemwali. Amuna awo anapita ku Joni osabwerako, ana awo anamwalira ali akhanda, ndiye aliyense anangoona kuti munthu wopanda chochita ndi iwowo. Palibe amene anawafunsa. Ankasambitsa amayi, kuwadyetsa, kuchapa nsalu zimene adziipitsira, kumeta wotsiriza, kulima nandolo ndi chinangwa diso lili kunyumba. Pogona ankayala mphasa chopingasa pakhomo kuti wotuluka awaponde. Anakhala zaka akugona tulo ta nkhuku, ndipo maso awo anali ofiira chaka chonse.

Ine ndinkakhala kumalaini, kunyumba za antchito a pa esiteti, m'chipinda chimodzi ndi amuna anga ndi ana. Kumalaini sankalola kusunga munthu wosagwira ntchito. Ndinkathyola tiyi kuyambira mame asanakamuke, ndipo ndikachoka kusikelo ndinkatsikira kumudzi kukatunga madzi ndi kusinja, kuti achemwali akhaleko pansi. Lamulungu ndinkaswera komweko. Zinali zochepa, ndikudziwa, koma manja anga anali awiri okha.

Tsono achimwene. Iwo anali kapitawo wamkulu, a nyumba ya njerwa ndi malata pafupi ndi fakitale, a kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo. Anaphunzirako pang'ono kumishoni, n'kukwatira mwana wa aphunzitsi wa ku Makwasa, ndipo kuyambira pamenepo anasanduka Mmang'anja. Chilomwe ankati sachimva. Anthu atsopano akabwera kudzafuna ntchito kuchokera kumalire, iwo ankawatchula dzina lachipongwe lija limene sindifuna kulilemba, kuiwala kuti amayi awo anadutsa njira yomweyo ali nawo kumsana. Koma pakakhala chinkhoswe, nkhuku itaphedwa, ankafika msanga n'kukhala pampando, chifuwa patsogolo: “Ine ndine mwinimbumba pano.” Umwinimbumba wawo unkathera pachiwindi cha nkhuku.

Mvula itayamba, chilonda chija chinakula. Chinadya mnofu, chinayamba kununkha, ntchentche zinkawatsata achemwali paliponse. Ndinawakoka kupita nawo kwa adiresa, omanga zilonda pa esiteti. Bambo uja atamasula nsanza anatembenuza nkhope. Anati ichi chapitirira mphamvu zake, apite kuchipatala cha mishoni ku Makwasa akagonekedwe, akachedwa mwendo upita.

“Nanga awa ndisiyira yani?” anatero achemwali tili m'njira. Sanadikire yankho, chifukwa ankadziwa kuti palibe.

Ndinapita kwa achimwene. Ndinagwada pakhonde lawo la simenti monga mlongo wolemekeza, ndipo ndinafotokoza zonse.

“Achimwene, tengani amayi ndi wotsiriza akhale kuno pang'ono, achemwali akapole. Zipinda muli nazo.”

“Iwe, ukudziwa kuti ino ndi sizoni? Tiyi akuphuka usana ndi usiku, bwana ali pakhosi panga. Dikirani tiyi achepe.”

“Mwendo sudikira tiyi, achimwene.”

“Nanga vuto n'chiyani? Akuluwo muwamange pamtengo wa mango ndi chingwe chachitali, mthunzi ulipo. Uyo mumupatse tsache. Basi, munthu apite kuchipatala m'mawa, madzulo abwere.”

Ndinawayang'ana. Anaona mmene ndinawayang'anira, ndipo anakweza mawu. Anati nyumba yathu ya kumudzi ija ikanagwetsedwa kalekale chifukwa palibe mwamuna wogwira thangata pakhomopo, ili chiimire chifukwa cha iwo. Zimenezo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka kwambiri. Ndinabwereranso kangapo. Ulendo wina anandipatsa kabotolo ka mankhwala a buluu, ulendo wina anatuma mwana kudzanena kuti agona. Mvula inatha, tiyi anachepa, chiperoni chinayamba kukuta mapiri, koma kwa achimwene sizoni sinathe. Achemwali anafika poyenda ndi ndodo, akumathamangira amayi chotsimphina.

Apa ndinasiya kupempha. Ndinkathyola tiyi mtima uli pa achimwene, tsamba lililonse ndinkalithyola ngati ndikuwatsina khutu. Ndinkafuna achemwali achire, inde, koma ndisaname, ndinkafunanso kuti bambo uja alawe. Ndinkafuna fungo la nsalu za amayi lilowe m'masokosi ake.

Mpata unabwera wokha. Tinamva kuti achimwene awasankha kukhala mkulu wa mpingo, ndipo Lamulungu lake akatuluka m'tchalitchi kukhala tiyi ndi masikono kunyumba kwawo, abusa ndi akuluakulu onse adzakhalapo. Maganizo anga ndinauza azimayi atatu a m'gulu lathu lothyola tiyi, anthu amene ndodo ya achimwene inawalozapo pankhope kusikelo. Sanafune kuti ndibwereze. Amuna anga anabwereka njinga kwa mnzawo wa ku fakitale.

M'mawa wa tsikulo ndinatsikira kumudzi. Ndinauza achemwali kuti ndikupita ndi amayi ndi wotsiriza kukayenda, iwo apumeko. Amayi ndinawasambitsa, kuwadzoza mafuta a nsatsi, kuwaveka biriwita yabwino ija. Ndinakulunga mphasa yawo, mphika wawo wa phala ndi nsanza zawo, n'kusenzetsa wotsiriza. Tsache ananyamula yekha.

Tinakwera pang'onopang'ono m'njira ya m'mabulugama. Tinapeza khonde ladzaza: abusa pampando wandalema, akuluakulu a jekete, alamu anga akuzungulira ndi ketulo, achimwene pakati atavala tayi. Nyimbo inali itangotha. Ndinagwada pabwalo, pafumbi penipeni, kuti aliyense andione, n'kuomba m'manja mwaulemu.

“Zikomo abusa, zikomo akuluakulu. Ndabwera kudzathokoza eni mbumba athu pa udindo umene alandira. Achemwali athu, amene akhala akudwazika amayi ndi mlongo wathuyu, mwendo wawola, lero akupita kukagonekedwa ku Makwasa. Ndiye monga mwa mwambo, ndati mbumba ikasowa pogwira imapita kwa mwini wake. Achimwene, mbumba yanu nayi.”

Achimwene anatsegula pakamwa, kapu ili m'manja. Abusa, munthu wokalamba amene sankadziwa kalikonse ka kwathu, anagwedeza mutu mokondwa. Anati izi n'zokoma, mpingo sunalakwitse posankha, munthu woweta nkhosa za Mulungu amayambira pakhomo pake. Akuluakulu onse anavomera kuti eya, eya. Ndinaona thukuta likutsika m'tayi muja, ndipo mtima wanga unazizira bwino kwa nthawi yoyamba chiyambire mvula.

Alamu, posadziwa chochita, anatsanulira amayi tiyi n'kuwapatsa akuyankhula Chinyanja chawo chosalala cha kumishoni. Amayi anakankha kapu, inagwa n'kusweka. Maso awo ankathamanga pankhope zachilendozo. Kenako anaona achimwene. Ine, amene ndinkawatungira madzi, anali atandiiwala kalekale, koma mwana wawo woyamba anamuzindikira. Anakwera pakhonde, wotsiriza ali pambuyo ndi mtolo wake, n'kuwagwira achimwene tayi. Anawafunsa m'Chilomwe, mokweza, kuti chingwe chimenechi wakumanga ndani, nanga mbuzi wazisiya kuti.

“Akuti chiyani?” anafunsa abusa.

Achimwene anayesa kuseka. Anauza amayi m'Chinyanja kuti akhale pansi. Amayi anayamba kulira, akumasula nsalu yawo monga ankachitira akachita mantha. Panatsala pang'ono kuti aime chibadwire pamaso pa mpingo wonse. Apo achimwene anawerama, n'kuwayankhula chapansipansi m'Chilomwe, choyera bwino, cha m'mudzi mwenimweni, kuti mbuzi zili m'khola, mayi, khalani pansi. Amayi anakhala. Khonde lonse linamva.

Ichi ndinali nditachiwerengera. Ndinkadziwa kuti ndikangowatula, achimwene adzakankhira zonse kwa akazi awo n'kumapita kuntchito akuimba mluzu. Koma alamu sankadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chilomwe, ndipo amayi sakanalandira ngakhale madzi kuchokera m'manja mwawo. Wodyetsa, wonyengerera, wowabweza akazemba, anayenera kukhala mwini wakeyo. Alamu ndinalibe nawo mlandu. Ndinawakokera kuseri, n'kuwauza kuti zochapa azindisungira, ndizidzachapa ndine.

Ndinatsika chothamanga. Ndinapeza anzanga aja ndi amuna anga afika kale ndi njinga, achemwali atakakamira chitseko. Nditawauza kumene ndasiya anthu awo, anandiponyera chipande.

“Wawasiya kwa amene aja? Iwe uli ndi mutu? Amayi sadya phala lotentha, amafuna uwauzire akuona! Wotsiriza nyumba ija ili pafupi ndi wezulo, afa ndi mantha mwana uja!”

“Kwerani njinga, achemwali.”

“Sindikwera!”

Tinawanyamula. Amuna anga ankakankha njinga, ife tikuwagwirira uku ndi uku, mwendo titaukulunga m'masamba a nthochi chifukwa cha ntchentche. Njira yonse achemwali ankandilangiza. Ndiuze achimwene kuti mpeni asausiye poonekera. Amayi akafunsa za abambo asawauze kuti anamwalira, amalira ngati amva kumene, angoti apita kumunda. Wotsiriza pomumeta azimuimbira. Tinafika ku Makwasa dzuwa litapendeka, anamwino anawalandira bwino, ndipo pamene ndinkatuluka m'chipindamo anali akundikuwirabe za phala.

Masabata otsatirawo ndinanenepa ndi chimwemwe, ndipo sindichita nazo manyazi. Achimwene ankafika kumunda mochedwa, maso ali psu, sokosi limodzi m'mwamba lina pansi. Tsiku lina tili pamzere kusikelo, madengu kumsana, iwo akukalipira mtsikana wina kuti wathyola masamba okhwima, tinangoona amayi akutulukira m'mizere ya tiyi, wotsiriza atagwira nsonga ya nsalu. Anafika n'kuwalanda ndodo ya ukapitawo, akuwakalipira kuti mwana wosamva iwe, wathawanso osasamba. Nthawi yomweyo wezulo inalira, wotsiriza anakhala pansi n'kuyamba kukuwa. Kapitawo wamkulu anagwada m'matope pamaso pa gulu lonse, dzanja lina litagwira mutu wa mng'ono wake, lina nsalu ya amayi, akunyengerera onse awiri m'Chilomwe. Mzungu wa kumunda anali pomwepo pa njinga yake yamoto, akungoyang'ana.

Kuyambira tsiku limenelo anthu a kumalire aja, amene achimwene ankawatukwana, anayamba kuwapatsa moni m'Chilomwe, mwaulemu wonse, zipewa m'manja. Amayi anakana nyama ndi mpunga, ankafuna kalongonda, nyemba zathu zija zimene zimaphikidwa tsiku lathunthu ukutaya madzi. Mphika wake unkabwata kuseri kwa nyumba ya malata, ndipo aliyense wopita ku fakitale ankadziwa kuti m'nyumbamo mukukhala anthu a mtundu wanji. Bwalo lawo la maluwa wotsiriza analisesa mpaka maluwawo anatha.

Madzulo ena achimwene anabwera kumalaini, kumene anali asanapondeko chikwatiwire ine. Anaima pakhomo panga, chipewa chili m'manja.

“Mlongo, ndatopa. Sindikugona ine. Bwana wandichenjeza. Kawatengeko ngakhale sabata imodzi yokha.”

Ndinali ndikusenda chinangwa, ndipo sindinasiye.

“Ino ndi nthawi yotanganidwa, achimwene. Dikirani tiyi achepe.”

“Tiyi wake uti? Kuli chiperoni kuno!”

“Ndiye muwamange pamtengo. Chingwe chikhale chachitali, mthunzi ulipo.”

Anavala chipewa n'kumapita. Amuna anga anati ndaonjeza. Ndinawauza kuti amene akuona kuti ndaonjeza akanunkhize kaye nsanza zimene tinamasula pamwendo paja.

Lamulungu lotsatira ndinanyamuka kupita ku Makwasa ndi nthochi ndi nkhani zanga zonse. Ndinkaziyeserera m'njira, za tayi, za kusikelo, za maluwa, kuti achemwali akaseke mpaka nthiti ziwawe. Ndinalowa m'chipinda cha amayi odwala ndikumwetulira. Ndinawaona pabedi la pakona, nkhope itayera, masaya atabwerera. Kenako ndinaona bulangete. Mbali imodzi, kuyambira pabondo kutsika, linali litagona pabedi lokha.

Namwino anandiuza kuti madokotala anayesetsa, koma chilonda chinali chitalowa m'fupa. Akanabwera nthawi ya mvula, mwendo ukanapulumuka. Nthochi zinandigwa m'manja, ndipo ndinakhala pansi pasimenti n'kuyamba kulira mokweza ngati pamaliro.

“Iwe, usatichititse manyazi,” anatero achemwali. “Amayi akudya?”

“Akudya.”

“Wotsiriza wametedwa?”

“Wametedwa.”

Anapumira m'mwamba. Kenako anandikodola kuti ndisendere, ngati akufuna kundiuza chinthu chamanyazi.

“Mng'ono wanga, kuno ndikugona. Dzulo ndinadzuka dzuwa lili pamutu, palibe wondiponda, palibe wondiitana. Ndinali nditaiwala kuti tulo timakoma chonchi. Kungoti ndagula ndi mwendo.”

Anaseka. Ine sindinaseke, ndipo nkhani zanga zija sindinanene ngakhale imodzi.

Amayi ndi wotsiriza sanabwererenso kumudzi. Munthu wa mwendo umodzi sakanathamangira aliyense, ndipo mkulu wa mpingo sakanawabweza mpingo ukuona. Amayi anamwalirira m'nyumba ya malata ija patapita zaka, ndipo wotsiriza anasesa bwalo limenelo mpaka imvi. Anthu ankatamanda achimwene kuti ndi chitsanzo. Ine ndikamva zimenezo ndinkalavula.

Koma tsiku lija, pochokera ku Makwasa, sindinapite kumalaini. Ndinakhotera ku nyumba ya njerwa. Ndinapeza achimwene pakhonde, atavula masokosi, mbale ya phala pamwendo, akuuzira supuni amayi akuona, monga achemwali analangizira. Wotsiriza ankasesa. Achimwene atandiona anadzutsa mutu, nkhope ikuwala, poganiza kuti ndabwera ndi uthenga woti mavuto awo atha.

“Mlongo, wafika? Mwendo uli bwanji? Atuluka liti?”

“Mwendo anaukwirira kuseri kwa chipatala, achimwene. Ndimayesa inu eni mbumba anakuitanani kumaliro ake.”

Supuni inaima m'malere. Phala linadontha pakabudula wa khaki. Amayi anali atayasama, akudikira.

“Adyetseni,” ndinatero. “Akudikira.”

Ndinaima pomwepo pabwalo, osakhala pansi, mpaka mbale inatha.